Msana wa Luckness

Luckness adayamba kuphunzitsa m'chaka chimene boma latsopano lidalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere. Ana adakhamukira kusukulu mpaka aphunzitsi adachepa, ndiye boma lidangolemba aliyense amene adali ndi satifiketi. Iye adali ndi ya Fomu 2, ndi zaka makumi awiri. Adamupatsa Sitandade 1 pasukulu ina kufupi ndi Bowe: ana 140, bolodi lotsamiritsa patsinde la mkuyu, ndi choko chimene amachita kuduladula kuti chikwane sabata.

Msana wake udayamba kukhota ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Phewa lamanja lidakwera, nthiti zakumbuyo zidatukuka mbali imodzi, chiuno chidapendekera. Atsibweni ake a Solomoni, achimwene a mayi ake, adazungulira naye kwa asing'anga anayi. Adamutema mphini msana wonse, koma palibe chidasintha. Anthu adazolowera, iyenso adazolowera. Madiresi amasoketsa otaya, pamwamba n'kuponya juzi ngakhale kukutentha.

Chimene sadachizolowere chidali phuma. M'chaka chachiwiri cha uphunzitsi adayamba kuona kuti mawu akumuthera pakati pa chiganizo. Pabwalo lopanda makoma, kuti mwana wakumbuyo amve pamafunika kukuwa, ndipo iye akakuwa kawiri katatu pachifuwa pamathina ngati wina wamumanga ndi linya. Tsiku lina m'mwezi wa Meyi, akuwerengetsa ana, maso adachita mdima. Adagwira bolodi, bolodilo n'kugwa naye limodzi. Ahedi adabwereka ngolo n'kumutumiza kuchipatala cha mishoni ku Madisi.

Kumeneko adamujambula. A Abasi, dokotala woona za mafupa, adatenga zithunzi ziwiri, chatsopanocho ndi china chakale chimene chipatala chidasunga, n'kuziika pawindo kuti ziwale.

"Ichi ndi cha zaka zinayi zapitazo. Ichi ndi cha lero. Mukuona, aphunzitsi?"

Luckness adaona. Pachithunzi chakale fupa lidangopendekera. Pachatsopano lidapindika ngati chikwakwa.

"Ambiri akasiya kukula, msana umaima pomwepo," adatero a Abasi. "Wanu sukuima. Nthiti zikupanikiza mapapo. Phuma lanulo likuchokera pamenepo."

"Mankhwala ake?"

"Akumwa palibe. Pali opaleshoni."

Adamufotokozera kuti mwezi wamawa kukubwera madokotala ochokera kunja, adzakhala kuchipatala chachikulu ku Blantyre masabata awiri okha. Amang'amba msana kuyambira m'munsi mwa khosi mpaka m'chiuno n'kuika zitsulo ziwiri zogwira mafupa. Kulipira kudalibe. Koma mayina amayenera kutumizidwa Lachisanu masana, ndipo aliyense wopita amafunika kukhala ndi womudikirira kuchipatalako komanso abale awiri opereka magazi.

"Ndidzawongoka?"

"Pang'ono. Chachikulu n'chakuti usapitirire kupindika."

"Nanga choipa chake? Musandibisire."

A Abasi adatsitsa zithunzi zija. "M'kati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha woyendetsa miyendo. Ukavulala, miyendo imafa. Sizichitika kawirikawiri, koma zimachitika. Ena, ochepa kwambiri, sadzuka n'komwe."

"Ndikapanda kupita?"

"Mukhoza kukhala zaka khumi, mwina makumi awiri, mpweya ukucheperachepera. Tsiku lake sindingalidziwe."

"Mukadakhala inu?"

"Msana wanga ndi wabwinobwino, ndiye kulimba mtima kwanga n'kosavuta. Lero ndi Lolemba. Kaganizeni."

Lachiwiri m'mawa banja lidakumana pafupi ndi chigafa cha fodya. Bambo ake, a Elifala, adali kusankha fodya, ndipo sadasiye. Mayi ake, a Faines, adakhala pamphasa akutonola chimanga. A Solomoni adabwera ndi mpando wawo. Adamva nkhani yonse, kenaka adapukusa mutu.

"Zaka zisanu ndi zinayi mwanayu wakhala nawo msana umenewu. Wafa? Akuyenda, akuphunzitsa, ana akumutcha madamu. Lero ati akamugoneke pathebulo amung'ambe ngati mbuzi. Faines, waiwala Marita? Mlongo wathu adakwera basi yekha akuseka, ati akangomuchotsa chotupa m'mimba. Tidakamutenga ali m'bokosi."

A Faines sadatukule mutu.

"Atsibweni," adatero Luckness, "adokotala akuti ndikapanda kupita..."

"Akuti zaka makumi awiri. Ndani pano akudziwa kuti afika zaka makumi awiri? Maliro tikuika sabata iliyonse ndi a anthu a misana yowongoka." Adatembenukira kuchigafa. "Alamu, inu mukuti bwanji? Mwanayu akabwera wokwawa, adzamunyamula ndani? Inu zikavuta mudzamanga katundu n'kubwerera kwanu ku Nachisaka. Mbumba ndi yanga, mtolo udzatsala ndi ine."

A Elifala adasalaza tsamba la fodya pabondo. "Ine ndine mkamwini, alamu. Mawu pamudzi pano ndilibe."

"Msanawu ndi wanga," adatero Luckness. Mawu adatuluka okwera kuposa momwe amafunira.

"Eya, masiku ano aliyense akuti ufulu, ufulu. Ukasaine wekha, palibe akugwira dzanja. Koma magazi a m'banja muno sapita ku Blantyre." Adanyamula mpando wawo n'kumapita.

Chidamudabwitsa Luckness n'chakuti atsibweni atangokana, mtima wake udapepuka. Wina adamuchotsera nkhaniyo m'manja. Koma kupepukako sikudafike masana. Adakhala pamphasa kuthandiza mayi ake, adatonola chitsononkho chimodzi n'kudzuka. Adasesa pabwalo posesa kale. Adatenga buku lokonzera maphunziro, adalemba deti, n'kulitseka. Kenaka adapezeka atakhala pakhonde akuyang'ana zala zake zakumapazi, akuzigwedeza chimodzichimodzi, ngati akuziona koyamba.

Adayenda mpaka kusukulu, ngakhale ahedi adamuuza kuti apumule sabata yonse. Adaima patali. Ana ake adawaphatikiza ndi a Sitandade 2, ndipo mphunzitsi wina amakuwa pakati pa ana pafupifupi mazana atatu popanda womumva. Adaganiza zoti ntchito imeneyi ndi ya mapapo, ndipo ake akutha. Pobwerera adakumana ndi mayi wina wolumala amene amakwawa ndi manja atavala mapatapata m'zikhato, wopita kuchigayo ndi mdzukulu wake. Adampatsa moni mwaulemu, n'kupitirira osacheuka mpaka kunyumba.

Lachitatu adadzuka atatsimikiza kuti akakane. Adakwera matola kupita ku Madisi kuti nkhaniyo ithe. Atafika pakhomo pa ofesi ya a Abasi, adabwerera. Adazungulira chipatala chonse, adakhala pabenchi, adadzuka, adakamwa madzi pampopi. Atalowa, zimene adanena sizidali zimene adakonza.

"Alipo munthu amene adachitidwapo zimenezi? Ndikufuna ndimuone ndi maso anga."

A Abasi adaganiza pang'ono. "Alipo mmodzi amene ndikumudziwa. Dzina lake ndi Debora, amakhala kumapiri a ku Ntchisi. Masisitere adamutumiza kunja zaka khumi ndi chimodzi zapitazo. Adanena yekha kuti wofuna kumuona azipita. Koma musayembekeze kuti akakusangalatsani."

Lachinayi adanyamuka kusanache bwino. Matola yoyamba idamusiya pa Mponela. Yachiwiri idali yodzaza ndi matumba a feteleza opanda kanthu, nkhuku, ndi anyamata awiri amene amakangana za zipani njira yonse. Msewu wafumbi udali ndi mabampu, ndipo bampu lililonse limamulasa m'nthiti. Kawiri konse adafuna kugogoda padenga kuti atsike abwerere.

Pamudzi wa Debora adamulozera kumunsi. "Ali kudimba. Mutsike ndi kanjira aka mpaka kumtsinje."

Kanjirako kadali kotsetsereka kwambiri. Kumunsi adapeza mayi wa zaka ngati makumi atatu atagwada pakati pa mabedi a mpiru, akupalira ndi kakhasu kam'manja. Sadawerame monga amachitira aliyense. Msana wake udali chilili ngati thabwa, ndipo pofuna kuyang'ana mlendo adatembenuka thupi lonse.

Debora adayang'ana phewa la Luckness, osati nkhope. "Wakutuma Abasi," adatero. "Khala apo, mng'ono wanga. Liti?"

"Mawa ndiyenera kuyankha."

Debora adagwira chikhomo chozikidwa pambali pa bedi n'kudzuka. Mwendo wamanzere amaukoka, phazi likukhula pansi. Adaona kuti Luckness akuyang'ana.

"Ee, ndi zomwezo. Ndisanapite ndinkathamanga. Nditadzuka, mwendo uwu sunkamva chilichonse. Patatha miyezi isanu udabwerera, koma theka."

Adamasula chitenje, adakweza bulauzi n'kutembenuka. Chipsera chidayambira pakhosi mpaka kumapeto, chotuwa, chokhala ndi timadontho m'mbali. Mbali imodzi ya nthiti idali yotukukabe.

"Gwira."

Luckness adagwira. Pansi pa khungu padali chinthu cholimba chosakhala fupa.

"Zimapweteka?"

"Kukazizira. Mu Juni ndimatukwana tsiku limene ndidavomera. Sindingawerame kutola singano. Mtolo pamutu sindisenza. Kulima ndi kumeneku, kogwada. Ana awiri ndidabereka, onse ochita kung'amba."

"Ndiye mukuti ndisapite?"

"Sindidatero."

"Mukuti ndipite?"

Debora adaseka. "Ukandifunsa mu Juni ndidzati usapite. Ukandifunsa mu Okutobala ndidzati pita. Ine ndidali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo palibe adandifunsa. Sisitere adalankhula ndi bambo anga, basi ndege. Iwe akukufunsa. Sindikudziwa ngati umenewo ndi mwayi."

Luckness adakwiya chamumtima. Ulendo wonse uja, mabampu onse aja, kudzamva zimene amadziwa kale. Adathokoza n'kunena kuti afulumire matola isamusiye.

"Tiye limodzi, inenso ndikukwera kumudzi," adatero Debora.

Adayamba chitunda. Debora adali patsogolo, mtanga wa ndiwo m'manja, mwendo ukukhula miyala. Amayenda pang'onopang'ono koma osaima, uku akusimba za mbuzi za aneba zimene zimamudyera mpiru. Luckness adayankha kawiri, kachitatu mawu sadatuluke. Adaima, adagwira mtengo, adapuma. Adayendanso mapazi makumi awiri, adaimanso. Pachifuwa pamalira ngati mluzu. Kachinayi adakhala pamwala, thukuta likutsika, m'makutu mukuchita phokoso.

Debora adabwerera n'kuima pambali pake. Sadali wefuwefu ngakhale pang'ono. Adamuyang'ana nthawi yaitali.

"Limeneli ndidaliiwala," adatero motsitsa mawu. "Phuma limeneli. Chitunda chomwechi ndinkaima kasanu ndi kawiri. Mayi anga ankanditumiza kumadzi m'mawa, ndinkafika dzuwa lili pamutu." Adaika mtanga pansi. "Puma, usathamange. Matola ikakusiya ugona kwathu."

Matola sidamusiye. Njira yonse yobwerera Luckness amangosinkhasinkha. Pa Mponela adali atatsimikiza kuti apita. Pofika pa Madisi adakumbukira phazi lokhula miyala lija, ndipo adayambanso kukayika. Adafika kunyumba dzuwa likulowa, sadauze aliyense kumene adali, ndipo palibe adamufunsa.

Lachisanu m'mawa adasamba, adavala diresi lake la kusukulu, n'kukaima pakhomo pa chigafa.

"Abambo, ndikupita ku Madisi."

"Kukatani?"

"Sindikudziwa. Ndikuganiza kuti ndikalembetsa. Koma popanda magazi sandilandira, ndiye mwina ndikungotaya nthawi."

A Elifala adamanga ndindi ya fodya, adaiika pamulu, adapukuta manja m'thalauza. "Dzulo udapita kuti?"

Adawafotokozera za Debora, za mwendo, za chitunda. Sadabise kanthu. A Elifala adamvetsera akuyang'ana pansi.

"Ine ndimakumva ukamachokera kumjigo," adatero. "Ndimadziwa kuti ndiwe usanafike, chifukwa cha kapumidwe. Chaka chatha sizidali choncho." Adatenga chipewa chawo pamsomali. "Mawu pamudzi pano ndilibe, ndi zoona. Koma magazi ndili nawo, ndipo ndidabwera nawo kuchokera kwathu."

A Faines adali atamva zonse ali kuseri kwa nkhokwe. Adalowa m'nyumba, ndipo adatuluka atamanga chitenje chatsopano. Atatuwo adadutsa pakhomo pa a Solomoni, chifukwa njira ya kumsewu idali yomweyo. A Solomoni adali kukonza khola la mbuzi. Adawongoka, nyundo ili m'manja.

"Faines."

"Achimwene."

"Ndidanena kuti chiyani?"

"Ndidamva," adatero a Faines. "Marita ndimamulira ngati momwe mumamulirira inu. Koma uyu ndi wanga. Akabwera wokwawa ndidzamubereka ine. Ndidamuberekapo kale, msana wanga ukumudziwa."

A Solomoni adayang'ana mlongo wawo, adayang'ana mlamu wawo. Kwa Luckness sadayang'aneko. Adatembenuka n'kupitiriza kukhoma.

Ku Madisi a Abasi adaika fomu patebulo. Luckness adaiwerenga yonse kawiri, mpaka mzere umene umanena za kufa kwa miyendo ndi imfa. Adatenga cholembera, adachiika pansi.

"Ndikubwera," adatero.

Adatuluka pachipata, adayenda mpaka kumsika. Adadutsa pa ogulitsa kaunjika, pa osoka nsapato, pa sitolo ya nsalu, mpaka pamene nyumba zimathera ndi minda kuyamba. Miyendo yake imayenda bwinobwino, ndipo adaimva sitepe iliyonse. Adaima pamenepo kudikira kuti mantha achoke. Sadachoke. Adazindikira kuti ngakhale atapatsidwa chaka chathunthu sadzachoka, ndipo adabwerera nawo. Adapeza makolo ake atakhala pabenchi momwe adawasiyira, a Abasi akuyang'ana wotchi. Adasaina ataimirira.

Opaleshoni idachitika sabata yachitatu ya Juni, ndipo idatenga maola asanu ndi awiri. Atatsitsimuka adamva ululu umene sadaudziwepo, ndi mawu a namwino akuti, "Gwedezani zala zakumapazi, achemwali." Zakumanja zidagwedezeka. Zakumanzere zidangoti zii. A Faines, amene amagona pansi pa bedi pamphasa, adakhala masiku awiri atagwira phazi limenelo. Tsiku lachitatu zala zinayi zidasuntha. Chala chachikulu sichidabwerere, ndipo madokotala adati mwina sichidzabwereranso.

Adamuveka chikhakha kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, choti akhale nacho miyezi isanu ndi umodzi. Chimayabwa, chimanunkha, ndipo sabata zoyamba adalira kangapo n'kunena kuti atsibweni ake amanena zoona. Phewa lamanja lidatsika koma silidafanane ndi linzake. Mapapo, adamuuza, sadzakula kubwerera mwakale, koma pomwe afikapo ndi pomwepo.

Adabwerera kumudzi mu Ogasiti. Anthu adabwera kudzamuona, ena kudzazonda, ena kudzaona ngati akuyendadi. A Solomoni adakhala masabata atatu osaponda pakhomopo. Tsiku lina adatulukira ndi nkhuku m'khwapa, adaipereka kwa mlongo wawo, adakhala pakhonde n'kumufunsa Luckness ngati ku Blantyre kumazizira. Za opaleshoni sadatchule, ndipo iyenso sadatchule.

Tsiku lomwelo masana kudabwera ahedi. Adakhala nthawi yaitali akuyamikira Mulungu asanafike pa chimene adadzera. Kalasi ija adaipereka kwa mphunzitsi wina, chifukwa ana sakadadikira. Ngati akufunabe ntchito, adayenera kukaonekera yekha ku ofesi ya maphunziro ku boma ndi kalata ya kuchipatala, mwezi usanathe, kuti amupezere sukulu ina.

"Koma musadzipanikize, madamu. Muchire kaye. Mwina chaka chamawa."

"Ofesi imatsegula nthawi yanji?" adafunsa Luckness.

"Iwe, chikhakha chidakalipo," adatero a Faines. "Adokotala adati chiyani za mabampu?"

"Adati ndisawerame ndi kusenza. Za kukhala pakhomo sadanene."

Lolemba m'mawa a Elifala adamuperekeza kumsewu. Matola yoyamba idali yodzaza. Yachiwiri dalaivala adati kutsogolo kuli kale anthu awiri, akwere kumbuyo. Luckness adagogoda chikhakha chake ndi chala kuti amve kulira kwake, ndipo bambo wina wonenepa adatsika n'kumusiyira malo. Adalowa chammbali, mwendo umodzi kenaka unzake, mutu utagunda denga, kalata ili m'manja.

"Muziyenda pang'onopang'ono," a Elifala adauza dalaivala.

"Koma osati kwambiri," adatero Luckness. "Ndikufuna ndikawapeze asanapite kukadya."